Kampira ka a Ezeliya

Ndinayamba kuwaona a Ezeliya akukangana ndi namwino pa nkhani ya chitenje. Ankafuna kuchimanga pamimba molimba ngati akupita kumunda, namwino akukana chifukwa pamimbapo panali bala la opaleshoni. Ine ndinali pa bedi loyandikana ndi lawo, ndikudwazika mlamu wanga Dorica, mchemwali wa malemu amuna anga.

A Ezeliya kwawo kunali ku Phalombe. Iwo ndi amuna awo, a Nasoni, anali matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi ku Kasiya. Matumbo awo anapotana, madokotala n'kudulako mbali ina. Wowadwazika analibe, poti a Nasoni anatsala akuthirira nazale. Mwini esiteti anali atanena kuti mvula yowokera ikagwa banjalo lisanakwane, munda aupereka kwa ena. Munali mu Novembala, ndipo a Ezeliya ankayang'ana mitambo pawindo kuposa mmene ankayang'anira adokotala.

Pambali pa balalo panatuluka kapaipi kakang'ono kolumikizidwa ku kampira kodzaza mankhwala ochititsa dzanzi. Namwino uja, a Ursula, anati mankhwalawo amadontha okha pang'onopang'ono m'balamo kwa masiku atatu, kuti munthu athe kudzuka n'kuyenda. Ukayenda matumbo amayamba ntchito msanga, umatulutsa mpweya, kenako amakulola phala, kenako kwanu.

"Ndiye kuti ndikaphwisa mundimasula?" anafunsa a Ezeliya.

"Chiyambi chake n'chimenecho."

"Kwathu amakalipira. Kuno n'chiphaso, eti?"

Tsiku loyamba anayenda mpaka pakhomo la wodi. Lachiwiri analephera ngakhale kutembenuka. Mimba inali chitupire, thukuta lili kamukamu, ndipo a Ursula anadabwa kuti kampira sikakuphwa. Ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Pa kapaipi paja panali kotsekera koyera, ndipo ndinawaona a Ezeliya akukafinya namwino akangotuluka, n'kukatsegula akamva nsapato zake zikubwera.

Ine sindine munthu woyambitsa nkhani. Ngakhale kutchalitchi kwathu ku Nambuma ndimakhala benchi yakumbuyo. Ndinadikira mpaka masana, ndikuwapukuta kumaso.

"Mayi, kodi kajaka mumatsekeranji?"

"Ndikusunga," anatero. "Pa esiteti chimanga amatipatsa cha mwezi wonse. Ukachita nacho chibwana sabata yoyamba, sabata yomaliza umadya madeya. Msewu wa ku Kasiya pa njinga yamoto mumaudziwa inu? Ululu wa pabedi ndipirira. Otsalawo ndikatsegulira pa mabampu."

Ndinakatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale, kenako ndinawaimitsa a Ursula pakhonde n'kuwauza.

Anabwera osathamanga. "Amayi, kampiraka sikapita kwanu. Mawa tikachotsa. Muli mankhwala, mulibe, tikataya."

"Kutaya?"

Nkhope ya a Ezeliya inasintha kuposa mmene inkasinthira akamawatsuka bala. A Ursula anatsegula kotsekera kaja n'kukakulunga ndi pulasitala kangapo.

Tsiku limenelo a Ezeliya sanandilankhule. Ndinawapatsa madzi otsukira m'kamwa, analandira akuyang'ana khoma. M'mawa mwake anangondigwira phewa osapempha, tinayenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera, n'kupitanso. Mpweya unatuluka tsiku lachinayi, nthawi yoona odwala, m'busa wina ali mkati mopempherera bedi lapakona. Anandituma kuti ndikaitane namwino pompopompo, pemphero lisanathe.

Anawatulutsa patatha sabata. A Nasoni anaimba pa foni yanga kuti ku Kasiya kwangowaza, yowokera sinagwe. A Ursula anawalembera mapilitsi a panjira n'kuwaletsa khasu ndi katundu wolemera kwa miyezi iwiri. Ine ndinawanyamulira kachikwama mpaka pageti. Atakwera njinga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu a ku Nambuma, pakamwa m'pochepa koma maso ngoipa. Mvula ikagwa mubwere ndi khasu lanu. Ine andiletsa kulima, ndipo zomvera anamwinozi mwayambitsa ndinu."