Phala la chinangwa pa makina a ababa

Lachiwiri, Balaka. Ndadzuka mtima uli m'malere.

Ababa anali ndi guluu womatira sandipepala pa chimbale cha makina osalazira matabwa, uja amamatuka bwinobwino pepala likatha. Ndinamumaliza ine, pomata mapu anga akusukulu kukhoma. Dzulo atandituma kumata sandipepala yatsopano, ndinapaka phala la chinangwa.

Makina atangolira, sandipepala inauluka n'kuwang'amba tsaya. Magazi akuchucha, anawoloka msewu n'kukawagwira pakhosi a Saidi, ogulitsa guluuyo.

"Guluu wanu wabodzayu akanandiboola diso."

"Iyayi achimwene, ndi weniweni!"

Chibakera cha ababa chinatera pamlomo pa a Saidi, dzino n'kugwa. Ine ndinaima pakhomo, nditabisa kumbuyo zala zoyera ndi phala.

Mawa ndimatula mapu aja, ndikawaonetse ababa pamaso pa a Saidi kumene guluu weniweni uja anathera.