Kabokosi ka M'munda mwa Amalume

Chaka chimene ntchito inandithera ku Lilongwe, ndinabwerera kwathu kufupi ndi Guilleme n'kupeza minda itamera timitengo tachitsulo. Pamwamba pa kamtengo kalikonse panali kabokosi kotuwa, kosafika kukula kwa njerwa, ndipo waya wake unalowa m'nthaka. Anabwera nato ndi mayi ena a ku yunivesite, ofufuza za chinyezi m'minda ya mtedza.

Mayiwo anatifotokozera ife a kalabu ya alimi mmene zimayendera. Timabokosito timayeza chinyezi, ndipo uthenga wake uyenera kukafika ku bokosi lalikulu limene linali padenga la sukulu. Koma kufuulira kutali kumadya batire. Choncho kalikonse kamangonong'oneza kanzake kapafupi, ndipo pagulu lililonse pamakhala kamodzi kosonkhanitsa mauthenga onse n'kuwaponya kusukulu. Kameneko kamatopa msanga, n'chifukwa chake udindowo umazungulira. Kamene batire lake lili ndi mphamvu kamatsogolera, kakafooka n'kusiyira kena.

Pa zonsezi amalume anga anatolapo mawu amodzi okha, akuti kutsogolera. Iwo ndiwo anali apampando a kalabuyo, a komiti ya mjigo ndi ya maliro, ndipo panalibe wokumbukira chisankho chimene chinawaika pamenepo. Anafunsa kuti lero akutsogolera ndani. Mayiwo anasuzumira pa laputopu n'kunena kuti ndi kabokosi ka m'munda mwa amalumewo. Tsiku lomwelo amalume anapalira mozungulira kamtengoko n'kundandalikapo miyala yopaka laimu ngati pa ofesi ya kuboma.

Patapita masabata angapo udindo unasamukira m'munda mwa mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pamsika. Amalume anamva kwa ine, poti malipoti ankabwera pafoni yanga kuti ndiziwerengera alimi anzanga. Tsiku limene ofufuzawo ankabwera, anavala jekete n'kukawadikira pamsewu.

"Mayi, kabokosi kanga kalakwa chiyani?"

Mayi a ku yunivesitewo anawayankha kuti sikanalakwe, kangopumula kuti batire lisathe. Amalume anati nawonso amatopa koma sanasiyirepo munthu mpando, ndipo ngati zinthu zake n'zotero, zitsulo zonse zizulidwe m'minda ya kalabu. Mvula inali pafupi, kafukufuku ali pakati. Mayiwo anausa moyo, anatsegula laputopu pa boneti ya galimoto, n'kukhazika kabokosi ka amalume pa udindo wosasinthika.

Kanagwira bwino ntchito mpaka mtedza utachita maluwa. Kenaka malipoti a mbali yathu anasiya kubwera. Timabokosi tina tonse tinali tamoyo, tikunong'onezabe mauthenga kwa mtsogoleri amene anali atazima kale. Amalume anayamba ndi kuloza chala netiweki ya ku Zambia, imene imalowerera m'mafoni mwathu tikayandikira ku Kachebere. Kenaka anakayikira mayi wa zitumbuwa uja, kuti mwina anadutsa pafupi ndi kamtengoko ali ndi mtima wina. Pomaliza anaitanitsa msonkhano n'kukhazikitsa komiti yofufuza, apampando ake iwo omwe.

Ofufuza enieniwo anabwera ndi batire latsopano matope atachepa m'misewu. Sanakangane ndi munthu. Anabwezeretsa kusinthana kuja mwakachetechete, ndipo kuyambira pamenepo malipoti ankangonena za chinyezi, osatchula wotsogolera. Amalume anauza msonkhano kuti komiti yawo yathetsa vutolo, anthu n'kuwomba m'manja.

Kafukufuku atatha, zitsulo zinazulidwa m'minda yonse. Amalume anapempha kuti kabokosi kawo katsale.

"Chikachoka ichi, bambo, sikadzayezanso kanthu," anatero mayiwo akuchotsa zam'kati mwake.

"Palibe kanthu, mayi. Anthu anakazolowera."

Kabokosi kopanda kanthuko kanaima m'mundamo dzinja lina lathunthu. Mavu anamangamo chisa, ndipo aganyu anayamba kukana kupalira mizere yoyandikana nako. Mizere imeneyo amalume ankapalira okha, atadzifunda thumba la feteleza kumutu.