Kachidutswa Kochokera Kuseri kwa Khutu la Malume

"Iwe poti unamaliza sukulu, tandiuza, mitokondiriya n'chiyani?"

Malume anandifunsa zimenezi akusesa m'shopu yawo yometera. Iwowa ndi achimwene awo a mayi anga. Ameta anthu zaka makumi awiri m'kachipinda komweko, ka mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona ndi makina awiri. Mutu uliwonse wa mumsewu mwathu amaudziwa, pamene pali chipsera, pamene dazi layambira. Kuseri kwa khutu lawo kokha ndiko sankaonako. Kadontho kakuda kamene kanamera kumeneko anakaona ndi atelala a khomo loyandikana.

Kuchipatala anakadula, n'kunena kuti ndi khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Anawauza kuti abwerenso Lachinayi adzawaunike m'khosi ngati yafalikira. Anawapatsanso pepala loti asaine, lolola kuti kachidutswa kaja akasunge. Akuti ofufuza akuyang'ana zizindikiro m'mitokondiriya ya zotupa zotere, kuti aone ngati zingasonyeze amene nthendayi ingamubwerere msanga.

"Ine tsitsi la munthu sindinasungepo ngakhale limodzi," anatero malume. "Ndimasesa mwini wake akuona, ndimataya akuona. Nanga iwowa nyama yanga akuifuniranji?"

Miyezi isanu ndi iwiri ndili pakhomo, palibe amene anandifunsapo kanthu kupatula kundituma. Ndiye ndinakhuthula zonse.

"Ndi timbaula ta m'maselo, malume, mopangira mphamvu za thupi. Munthu amatengera kwa mayi ake okha. Tanu ndi ta mayi anga n'timodzi, tanganso n'tomweto."

Tsache linaima.

"Ndiye akayeza ine, ayeza mlongo wanga? Ayeza iwe? Nthendayi ili mwa tonse, iwo akungondibisira?"

Sindinkadziwa. Koma ankandiyang'ana ngati munthu wamkulu, ndipo ndinati, "Zitheka."

Mawa lake malume anawakhazika amayi pampando n'kuyamba kupatula tsitsi lawo ndi chipeso, mzere ndi mzere.

"Achimwene, ndalukitsa dzana lomweli," anadandaula amayi.

"Khala chete. Kakudaka n'kachiyani?"

"Munandigenda ndinu tili ana."

Ine anandimeta mpala osandifunsa. Makasitomala nawo anayamba kuwapinda makutu, mpaka mmodzi anati wabwera kudzameta, osati kudzagonekedwa. Za Lachinayi malume anakaniratu. Amati dokotala wamkazi wa kuchipatala kuja anamwetulira kwambiri popereka pepala, ndipo munthu akamamwetulira chotero pali chimene akufuna.

"Aneba, mukuopa kuti akupangani fotokope?" anafunsa atelala ali pakhomo, tepi ili m'khosi. "Musadandaule, mmodzi yemweyu watikwana."

Malume sanaseke.

Ndinafukula buku langa la sayansi. Za mitokondiriya zinali theka la tsamba, za khansa munalibe. Kenako ndinatenga pepala lija m'dirowa ya malezala n'kuliwerenga mpaka pansi, zimene ndikanachita poyamba. Linkanena kuti akuyang'ana maselo a chotupa chokha, osati za kumtundu, kuti kafukufukuyo sanafike poti n'kuuza munthu tsogolo lake, ndiponso kuti wokana kusaina athandizidwa chimodzimodzi.

Ndinathamanga kukawauza. Anandiyang'ana kudzera pagalasi, makina ali m'manja.

"Dzana unati zitheka. Lero ukuti ayi. Wakumana ndi ndani pakatipa?"

"Palibe, malume. Ndangowerenga."

"Wawerenga pepala lawo lomwelo. Ukufuna lilembe kuti tikukupusitsani?"

Akupitiriza kumeta, ndinaona kuti dzanja lawo lamanzere limangopita pakhosi, pansi pa bala, kusisita n'kubwerera.

Ndiye ndaganiza chochita. Mawa Lachitatu ndikanena pamaso pa amayi ndi atelala kuti ndinayankha chinthu chimene sindinkachidziwa. Za kusaina sindiwakakamiza, thupi ndi lawo. Koma Lachinayi m'mawa ndikakhala pampando wawo wometera, ndipo sindidzukapo mpaka atatseka shopu kuti tipite limodzi akawaunike m'khosi.