Khadi limene ndinalamineta

Chaka chimene matenda a korona anatseka Doha, ndinali mlonda pa nyumba ina yosanja ku Al Dafna. Ntchito yanga inali kukhala pa desiki pakhomo, kuyeza anthu kutentha kwa thupi ndi kuwathira sanitayiza m'manja. Koma anthuwo panalibe. Tsiku linkatha ndisanayankhule ndi munthu, kupatula obweretsa zakudya pa njinga zamoto, amene ankangotula phukusi n'kubwerera.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatsika. Anali bambo achikulire a ku Amereka, injiniya, okhala okha chifukwa akazi awo anamwalira kalekale. M'mawa uliwonse teni koloko ankatuluka mu lifiti atavala masiki, atanyamula kabokosi kachitsulo, n'kukhala pampando wa alendo chapatali ndi ine. M'kabokosimo munali makhadi a osewera besibolo, masewera a kwawo omenya kampira ndi ndodo. Makhadi ena anali akale kuposa bambo anga ondibereka.

Masewerawo sindinkawadziwa, ndipo mpaka lero sindiwadziwa bwino. Koma ndinkamvetsera. Ankatulutsa khadi limodzi lili m'kathumba kake ka pulasitiki, n'kuliika pa desiki kuti ndiligwire ndekha.

"Gwirani m'mbali," ankatero. "Onani makona mmene asongokera. Mtengo wake uli pamenepo."

Ndinkavomera ndi mutu. Ndinamva zoti makhadi osowa amagulidwa ndalama zambiri, ndipo ena akhoza kugula nyumba. Chimene sindinamvetse ndi chifukwa chake. Kwa ine chachikulu chinali chakuti teni koloko ikakwana, lifiti itseguka ndipo munthu andifunsa mmene ndadzukira.

Tsiku lina anatsika opanda kabokosi, akutsokomola, ambulansi ikudikira panja. Anaika envelopu pa desiki.

"Khadi ili anandipatsa ndi bambo anga. Kubwera anthu odzapopera mankhwala m'nyumba mwanga. Mundisungire."

Ndinapita nalo kumene tinkagona ku Rawdat Al Khail. M'chipindamo tinalimo amuna asanu ndi mmodzi. Makina oziziritsa ankadontheza madzi pakhoma, matawulo onyowa ali pa bedi lililonse. Nditatsegula envelopu ndinaona kuti kathumba ka khadilo kanali kakale, kong'ambika pakamwa. Ndinada nkhawa.

Mnzanga wa ku Machinga, dalaivala, wogona bedi lapamwamba, anasuzumira.

"Achimwene, m'bale wanu ameneyo? Simukufanana."

"Ndi katundu wa eni ake. Wodula."

"Kapepala kameneko? Walahi, azungu ali ndi nthawi." Anayang'ananso. "Ngati n'kodula, kalamineteni. Mukudikira chiyani? Kanyowa muno."

Sanandisocheretse dala. Ndi mmene timachitira kwathu. Pepala lofunika umalimata pulasitiki. Satifiketi yanga ya Folomu 4 ndi yolamineta, ya ukwati chimodzimodzi, ndipo zonse zapulumuka mvula, chiswe ndi ana. Munthu wosamala amatero. Ndinaona kuti bambo aja akabwera apeza chinthu chawo chili bwino kuposa mmene anachisiyira.

Tsiku langa lopuma ndinapita pa kashopu kofotokopa kuseri kwa msewu wathu. Mwini wake analitembenuza khadilo kawiri.

"Ilinso ndilaminete?"

Ndinati eya, ndipo mudule m'mbali bwinobwino. Linatuluka m'makina lili lofunda, lowala, lolimba ngati chiphaso. Ndinabwerera kuchipinda ndili wokondwa.

Bambo aja anatuluka m'chipatala patatha masabata asanu, ataonda, shati ikuwakulira. Ndinaimirira n'kupereka envelopu ndi manja awiri. Anatsegula. Anayamba kukanda m'mphepete mwa pulasitiki ndi chikhadabo, kufuna poyambira kumatula. Panalibe.

"Mwachita ndinu?"

"Eya, bambo. Kuti lisanyowe."

"Kuti lisanyowe," anabwereza.

Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, osakweza mawu. Ogula amafuna khadi likhale mmene linatulukira ku fakitale. Pulasitiki yotentha ija inali itamatirira papepala, ndipo kuichotsa ndiye kusenda chithunzi. Palibe wodziwa makhadi amene angaligulenso.

"Pepani, bambo. Kwathu..."

"Ndikudziwa kuti mumafuna kulisamala," anatero, n'kulowa mu lifiti.

Sanandinenere kwa mabwana. Mwina akanandikalipira mtima ukanapepuka. Mawa lake teni koloko inakwana, lifiti sinatseguke. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndinkangoyang'ana manambala ofiira pamwamba pa chitseko cha lifiti. Akayamba kutsika ndinkakonza masiki yanga, koma ankaima pa nsanja ina n'kukweranso.

Masiku omwewo lamulo linali litasintha, munthu akutha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wake. Anzathu ambiri ankasamuka. Mnzanga wa ku Machinga anandipezera malo pa nyumba ina ku Madinat Khalifa, maola ochepa, alonda awiri pageti, wocheza naye alipo.

"Yala, fulumirani achimwene, yankhani. Kapena mwakwatira lifiti?"

Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Sindinamuuze chimene ndinkadikira. Akanandiseka, ndipo akanalondola.

Tsiku lachisanu ndi chinayi lifiti inafika pansi. Bambo aja anatuluka, kabokosi kali m'manja. Anakhala pampando wawo n'kundifunsa mmene ndadzukira. Ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Anatulutsa khadi, n'kulikweza m'mwamba kuti ndilione ndili pomwe ndinali. Anafotokoza za wosewerayo, timu yake, chaka chimene anathyoka dzanja. Atatha analibwezera m'kabokosi. Ndinali nditatambasula kale dzanja langa. Ndinalibweza.

Za khadi la bambo awo sanatchulenso, inenso sindinafunse kumene analiika. Anatsika m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi, mpaka tsiku limene anabwerera kwawo. Makhadi ndinaona ambiri, mwina onse, koma sindinagwirenso ngakhale limodzi. Malo a ku Madinat Khalifa ndinauza mnzanga madzulo a tsiku limene bambo aja anatsikanso lija kuti apatse wina.