Mpendero wa Shati Yobiriwira

Pamzere wa mashopu aja onse ankawatchula kuti Mayi Ndakuona, chifukwa ukangokhudza nsalu m'shopu mwawo, diso lawo linali kale padzanja lako. Ankasoka zofunda za zigamba, ndipo pa mpendero panalibe wowaposa. Ankadula nsalu mopingasa kuti izikhota bwino m'makona, kulumikiza timizereto, kutipinda pakati, kutisita, kenako kusoka kumaso ndi makina, kumbuyo ndi singano yamanja. Nsalu yatsopano ankayamba aichapa, ati imanama, ikalawa madzi imafupika. Nsalu sankaikhulupirira, nanji munthu. Ngakhale mwana wawo mmodzi yekhayo anamupirikitsa pakhomo pomuganizira kuti wagulitsa simbi, ndipo zaka zinadutsa osalankhulana.

Tsiku lina kunabwera mtsikana, khanda kumbuyo, atanyamula kachofunda kosapendera ndi shati yobiriwira.

"Mudule shatiyi, amayi, ikhale mpendero wake."

Mayi Ndakuona anatembenuza kolala. Panali kachigamba kosokedwa ndi dzanja lawo lomwe. Shatiyo inali ya amuna awo, ija ankati inabedwa pachingwe. Amuna omwewo Loweruka lililonse ankatsanzika kuti akukazonda mnzawo wodwala, mnzawo wosachira, wosafanso.

"Khala apo," anatero, nayamba kudula. "Mwini shatiyi ndani?"

"Bambo ake a mwanayu."

Sizasi inaluma mokhota, zomwe zinali zisanachitikepo. Anasuzumira khandalo. Makutu aja otambasuka anawadziwa bwino, akhala akuwaona papilo, pamutu pa amuna awo, kuyambira ali mtsikana. Nsanje inawaotcha.

"Ndiye wabwera kudzandionetsa? Mwamuna wanga, shati yake, mwana wake, ine ntchito yanga kupendera?"

Mtsikanayo anagwada. "Ayi, amayi. Ine ndine mkazi wa mwana wanu. Shatiyi anamupatsa ndi abambo ake, ataona kuti alibe chovala pokafunsira ntchito. Loweruka amabwera kwathu kudzanyamula mdzukulu wawo."

Mayi Ndakuona sanagonje msanga. Anatembenuzanso kolala ija ngati ingawauze zina.

"Akudziwa ndani winanso?"

"Onse a pamzere pano. Amaopa kukuuzani."

"Mwana wangayo ali kuti?"

"Panja. Anati ndiyambe ine, mukakana kupendera tizibwerera."

Anaponya maso pakhomo. Tsidya la msewu, pafupi ndi wokonza nsapato, panaima mwana wawo, wowonda, manja kumbuyo, akunamizira kuonerera ntchito ya nsapato. Manyazi anawagwira, chisoni n'kubwera pamwamba. Anasonkhanitsa timizere tobiriwira tija, natilumikiza pamakina mwakachetechete mpaka mzere unafika pansi. Mizere yotalika kuposa uwu anali ataipinda okha moyo wawo wonse.

"Dzuka apo," anatero osamuyang'ana mtsikanayo. "Kamuuze alowe, adzandigwirire nsonga iyi. Ndekha sindingathe."