Tsitsi la Eni Ake

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, Clive Haddow sanasankhepo yekha kametedwe ka mutu wake. Pakatha milungu itatu iliyonse, Lachinayi masana, ankalowa m'kashopu ka Stavros wometa ku Uxbridge n'kutulutsa chithunzi m'thumba la jekete. Chinali chithunzi cha mutu wa munthu wina, chojambulidwa kumaso, m'mbali ndi kunkhongo. Stavros ankachitsamiritsa pagalasi, n'kudula, n'kusakaniza dayi.

"Mwezi uno abwana ako aganiza zotani?" ankatero Stavros. "Ati tifiiritseko? Tsiku lina adzameta mpala amene aja, tidzaone ngati mkazi wako adzakutsegulire chitseko."

Mutu wa pachithunziwo unali wa Piers Calloway, katswiri wa zisudzo amene ankasewera ngati Edmund Strake, kazitape wa m'mafilimu uja. Mafilimu a Strake anayamba ena a ife tisanabadwe, koma Strake yekha sakalamba. Wosewerayo akakalamba amamutsitsa n'kukweza wina, dzina n'kukhala lomwelo. Calloway anali wachisanu.

Nanga Clive? Clive anali woimirira. Musaseke ayi, ndi ntchito imeneyo. Asanajambule kachigawo kalikonse ka filimu, anthu a magetsi amatha ola, nthawi zina maola atatu, akusunthasuntha nyali kuti kuwala kugwere bwino pankhope. Katswiri sangaime nthawi yonseyo, iye amakhala ali phee m'kalavani yake. Ndiye pamafunika munthu wa msinkhu womwewo, mapewa omwewo, khungu ndi tsitsi lomwelo, woti aime pa katepi komata pansi nyali zikumuwamba. Zonse zikalongosoka amati, "Zikomo Clive," iye n'kuchoka, mwini wake n'kudzaima pamenepo. Nkhope ya Clive sinatulukepo m'filimu ngakhale kamodzi.

Calloway akanenepa, Clive ankadya mbatatesi usana ndi madzulo. Calloway ataonda chifukwa cha filimu ina ya m'ndende, Clive anatha miyezi itatu akukhalira supu. Zithunzi za ukwati wa mwana wake Gillian mukaziona lero, bambo wa mkwatibwi ali ndi tsitsi lachikasu ngati ndevu za chimanga, poti chaka chimenecho Strake ankadzibisa ngati mlendo wa kumpoto. Mkazi wake Noreen nkhani imeneyo sanaiiwale, ndipo sadzaiiwala.

Ntchitoyi ili ndi lamulo limodzi lalikulu, loti woimirira salankhula. Sauza katswiri kayendedwe, sapereka maganizo, amangoima. Dougal, mkulu wa magetsi, Msikoti wa pakamwa posatseka, ankakonda kumukumbutsa.

"Iwe ndiwe mpando, Clive. Mpando wabwino kuposa yonse mu England muno, koma mpando basi."

Clive sankakwiya nazo, chifukwa anali ndi kanthu kake kamodzi. M'chaka chake chachiwiri, atatopa ndi kuima, anatulukira kuti ukaima kutatsala phazi limodzi kufika pa tepi, n'kuweramitsa chibwano, n'kuwerenga mumtima mpaka katatu, kenako n'kudzutsa nkhope pang'onopang'ono, kuwala kumayamba kulowa m'maso nkhope yonse idakali mumdima. Dougal anaona, ananong'oneza wotsogolera filimu, wotsogolera anakapatsa Calloway. Eee, kanthu kameneka kanatchuka! Kanali pa zikwangwani za m'mabasi, ana asukulu ankatengera m'misewu, atolankhani ankati Calloway yekha ndiye ali ndi maso otero padziko. Akapita ku kanema ndi Noreen, pofika pamenepo Clive ankamutsina pankono n'kunong'ona kuti, "Kanga kaja." Dzina lake silinalembedwe paliponse, koma kwa iye zimenezo zinkakwana.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu, ndi Clive amene anatseka makutu. Maondo a Calloway anali atayamba kale kulira pokwera masitepe. M'mwezi wa Febuluwale Calloway analengeza kuti wasiya kusewera Strake.

Dziko lonse linachita misala. Manyuzipepala tsiku lililonse dzina latsopano la wodzamulowa m'malo, m'mabala anthu kukangana mpaka kutsala pang'ono kuponyerana matambula. Uyu ndi wokongola mopitirira, uyo sangathe ndewu, uyu kalankhulidwe kake n'kakumudzi. Clive yekha ankafunsa funso limodzi pa dzina lililonse: "Ndi wamtali bwanji?"

"Clive, tadzimvera chisoni," anatero Noreen tsiku lina akuika tiyi patebulo. "Akufuna mwana wa zaka makumi atatu. Iwe uli ndi makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi."

"Nyali siziwerenga zaka, Noreen. Zimaona msinkhu ndi mapewa basi."

"Akasankha wamtali?"

Onse awiri ankadziwa. Woimirira amapita ndi katswiri wake, ndipo palibe situdiyo imene imalemba woimirira watsopano wa imvi. Ngati wosankhidwayo sakhala wa msinkhu wake, Clive zake zathera pomwepo.

Pofika mwezi wa Meyi anatsala atatu. Mayi Imogen Sallow, amene ntchito yawo ndi yosankha osewera, anawaitana mobisa kusitudiyo kuti awayese pamaso pa kamera, aliyense tsiku lake, kachigawo komweko: Strake akulowa m'chipinda chodikiriramo sitima, n'kupeza mnzake amene anamupereka kwa adani. Anaitananso Clive kuti aimirire onse atatu. Poimirira woyamba, amene anali wamfupi, anamuvula nsapato n'kumuuza apinde maondo. Poimirira wachiwiri, Lorcan Vane, chimunthu chachitali ngati mtengo wa foni, anamukweza pabokosi. Koma wachitatu, Joel Pennock, mwana wa dalaivala wa basi wa ku Hull, atabwera kudzayesa suti Lachitatu, Dougal anawaimika moyandikana n'kuimba mluzu.

"Taonani abale! Ngati anakusemani pa mtengo umodzi. Clive, bambo ako sanayendepo ku Hull?"

Tsiku limenelo Clive anatsika basi akuimba, mpaka Noreen anamufunsa ngati wadzera ku bala.

Lachisanu m'mawa kunali kamvula kowaza. Clive anapeza Pennock kuseri kwa galimoto yogulitsira tiyi, atavala kale suti ya Strake, kapu ya tiyi ili m'manja. Buledi wa nyama ya nkhumba amene anagula anali osalumako.

"Ndinu a Haddow, eti?" anatero mnyamatayo. "Andiuza kuti mwaona mafilimu asanu ndi awiri akupangidwa. Achikulire, ndithandizeni. Ndili ndi mantha. Ndikalowa pachitseko paja, ndichite chiyani?"

Apa ndiye pamene Clive anayenera kunena kuti, "Imwa tiyi wako, mwana wanga, ukachite zako." Zaka makumi awiri ndi ziwiri anasunga pakamwa, nanga m'mawa umodzi wokha ukanamupha? Koma anaona mapewa aja, ofanana ndi ake ndendende, akugwa ndi mantha. Anaganiza za bokosi lija. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuika kapu yake pansi.

"Tamvera kuno. Usakafike pa tepi. Ukaime kutatsala phazi limodzi. Chibwano pansi, chonchi. Uwerenge katatu, usathamange. Kenako udzutse nkhope pang'onopang'ono, nyali ya pawindo ikakupeza yokha."

Anamuonetsa kawiri pomwepo pamatope. Pennock anayesa, Clive anamukonza khosi ndi chala.

"Basi, wakhoza. Koma sunamve kwa ine."

Mnyamata uja anakachita zomwezo, osaphonya. Analowa, anaima, anaweramitsa chibwano, ndipo pamene anadzutsa nkhope, maso anayaka nkhope idakali mumdima. Clive ali kuseri kwa kamera anamva misozi ikubwera. Kanthu kake kaja sikadzafa, kalowa mwa Strake wachisanu ndi chimodzi, ndipo iye adzakhala pomwepo pa tepi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pennock atapita kukasintha malaya, anaitana Clive kuti aime pa tepi akonzenso nyali. Mayi Sallow ndi wotsogolera filimu anabwera n'kuima pafupi naye, pafupi kwambiri moti ankamva fungo la khofi wawo. Sanatsitse n'komwe mawu. Munthu amanong'ona chifukwa cha mpando?

"Zandipweteka," anatero Mayi Sallow. "Mpaka dzulo ndinali nditatsimikiza kuti ndi ameneyu. Muja ankawerengera mawu a filimu muofesi mwanga anali ndi kaukali kakekake, ka mwana wokulira m'misewu. Lero kapita kuti?"

"Nditangoona chibwano chikutsika ndinadziwa kuti zada," anatero wotsogolera. "Calloway wachiwiri. Eni filimu anenetsa kuti kachibwano kameneka sakufunanso kukaona. Zaka makumi awiri chinthu chimodzimodzi! Anthu amakaseka masiku ano, mukudziwa? Mwana wanga amachita akafuna kundiseka kuti ndakalamba."

"Timupatse mwayi wina?"

"Ayi. Munthu amene mantha akamugwira amathawira kutengera mnzake, adzatero filimu yonse. Vane sanatengere aliyense."

"Koma anazitenga kuti zimenezi?"

"Waonera mafilimu ambiri, basi."

Clive mawu anali pakhosi pomwepa: ndine, mayi, ndamuuza ndine, mwanayu alibe mlandu, muyeseninso. Akananena, akanamutulutsa pageti tsiku lomwelo, koma mwina Pennock akanapulumuka. Anatsegula pakamwa, chibwano chinasuntha.

"Clive!" anakuwa Dougal ali pamwamba pa makwerero. "Usagwedeze mutu, ukundionongera nyali!"

Ndipo Clive sanagwedeze mutu. Thupi linamvera lokha, monga linazolowera. Anaima njo mphindi makumi anayi, maso pa windo labodza lija, mpaka anamva, "Zikomo Clive." Pamenepo n'kuti Mayi Sallow atapita kale.

Analengeza dzina la Lorcan Vane mu Julaye. Mlungu womwewo Dougal anaitanira Clive ku bala masana, chinthu chimene sanachitepo. Anagula mowa, anazungulirazungulira pa nkhani za mpira, kenako anangoti apeza mnyamata wina wamtali wa ku Watford woti aziimirira Vane.

"Ndinakumenyera nkhondo, mkulu. Ndinati bokosi lilipo. Akuti bokosi siliyenda, ndipo Vane amamujambula akuyenda."

"Palibe kanthu," anatero Clive.

Kanthu kanalipo. Ntchito kutha n'kowawa, koma imatha kwa aliyense. Chimene chinkamudya Clive n'chakuti anadziphera yekha, n'kupheranso mwana wa eni, ndi kanthu komwe kaja kamene ankatsinira mkazi wake ku kanema. Ndipo kanthuko anthu ankakaseka, iye osadziwa. Ngati zimenezo sizinakwane, patapita masiku kunabwera kakhadi kochokera ku Hull. Pennock analemba kuti: "Zikomo achikulire, inu nokha ndi amene munandichitira chifundo tsiku lija. Sunali mwayi wanga basi." Noreen anakaimika pashelefu kuti anthu aziona kuti mwamuna wake ndi munthu wabwino. Clive sanamuuze zoona, ndipo kakhadiko kali pomwepo mpaka lero.

Anayamba kudzuka nthawi ya kale yomweyo, kumeta ndevu, kuvala, kenako n'kusowa kolowera. Noreen anamupeza kangapo ali chiimire pakati pa khitchini, manja m'mbali, maso pawindo.

"Khala pansi, Clive. Ukudikira ndani?"

Milungu isanu ndi iwiri inadutsa osapita kwa Stavros. Kumizu kwa tsitsi kunatuluka mzere wotuwa, pamwamba dayi wa Calloway akusuluka. Noreen ndiye anamukankha.

"Ukuoneka ngati mphaka wa m'bini. Pita ukamete, ndipo ukamete zako. Ndikufuna ndione mwamuna amene ndinakwatiwa naye ndisanafe."

Anapita Lachinayi, poti mapazi anazolowera tsiku limenelo. Stavros anamulandira ndi phokoso, anamukhazika pampando, anamumanga nsalu m'khosi. Kenako anapukuta pagalasi pamene pankatsamira chithunzi paja, n'kutambasula dzanja. Clive naye dzanja linalowa lokha m'thumba la jekete. Linapeza tikiti ya basi.

Stavros anabweza dzanja lake msanga. Anali atawerenga nyuzipepala ngati wina aliyense.

"Aa, zisiye zimenezo. Lero bwana ndiwe. Tandiuza, timete bwanji?"

Clive anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Anayesa kukumbukira ngati kale ankapesera kumanja kapena kumanzere, ngati ankakonda lalifupi kapena lofika m'makutu. Palibe chinabwera.

"Stavros," anatero, "iwe unandimeta ndisanayambe ntchito ija. Ndinkameta bwanji?"

Stavros anaima ndi sizasi m'manja, anaganiza, anakanda chibwano. Naye sankakumbukira.