Tsiku Limene Ndinakaniza Amayi Nsomba Zawo

Pamene tinkasankha nthambi za uinjiniya ku yunivesite, aliyense ankadziyesa mneneri. Ochenjera anathamangira za migodi, chifukwa ku Copperbelt kunali nyumba ndi chipatala cha kampani. A zamagetsi ankayenda mapewa m'mwamba ngati alembedwa kale ntchito. A zomangamanga tinkawaseka kuti akukaphunzira kukumba zimbudzi. Ine ndinasankha za makina, popeza bambo anga ankagwira ntchito pa fakitale yolumikiza magalimoto kwathu ku Livingstone, ndipo ndinkadziona ndikulowa pa geti lomwelo nditamanga tayi.

Ndikumaliza maphunziro, chapakati pa zaka za m'ma 1990, pa geti lija panali unyolo ndi udzu. Mafakitale a nsalu nawo anali atagonja kwa salaula, zovala zakaunjika. Anzanga a migodi anayamba kubwerako mmodzimmodzi atachotsedwa ntchito, pamene okumba zimbudzi aja ankatiwaza fumbi ndi magalimoto a mapulojekiti a misewu. Ndinakhala kwathu ku komboni ya Libuyu ndikudya thukuta la mayi anga, ndevu zili pepeya, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Ntchito inandipeza pa khomo la tchalitchi. Ba Mweemba, mkulu wa mpingo, anali ndi chipinda choziziritsira nsomba pafupi ndi msika. Anaimitsa mayi anga n'kunena kuti, "Uja mwana wanu ni injiniya, te? Abwere pa Mande." Sanafunse kuti injiniya wa chiyani.

Ntchito yanga inali kusamala kompresa, makina opopa gasi woziziritsa, ndi mota yake. M'mawa ndinkayang'ana mafuta pa kagalasi, kuwerenga mageji a gasi, kukunga malamba ndi kutsuka fumbi pa kondensa ndi burashi. Makasitomala athu ambiri anali amayi a ku Dambwa North, okaoda nsomba ku Mwandi ndi ku Sesheke. Aliyense ankamanga kansalu ka chitenje chake pa thumba, ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi chomwe sichinkakambidwa n'komwe: mwini nsomba ankalowa yekha kukaziona nthawi iliyonse imene mtima wamugunda. Ankadina pamimba, n'kusuzumira m'makha. Maso a mnzake sankawakhulupirira.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mota inayamba kung'ung'udza osazungulira, kenako inazima. Ndinayamba ndi zimene ndinkazidziwa. Ndinachotsa malamba n'kupukusa kompresa ndi dzanja, ndipo inali bwinobwino. Ndipamene ndinatenga mita yoyezera magetsi n'kutsegula bokosi la magetsi, mtima uli m'mwamba, chifukwa phunziro la magetsi la chaka chachiwiri ndinkalida ngati mankhwala a malungo. Mota ija inkadya magetsi a mawaya atatu. Awiri anali amoyo, wachitatu anali zii. Vuto linali kunja, pa thiransifoma.

Ba Mweemba anafika akupukuta thukuta. "Panika chabe kontakita na kamtengo," anatero. "Wamene analipo kudala ndiye mwamene anali kuchitira."

Kontakita ndi swichi yaikulu imene imadzizimitsa yokha mota ikatentha. Kuipanikiza ndi kamtengo n'kuikakamiza kuti isazime. Ndinawauza kuti, "Ba Mweemba, waya imodzi ilibe malaiti. Tikakakamiza, mota izapsa, ndipo inangu ni ku Bulawayo."

"Manje wankhala wa malaiti iwe? Si unakamba ati ndiwe wa mamashini?" Anandiloza chala. "Nsomba ikaola, usakabwere futi pano."

Foni ya a kampani ya magetsi inkangolira osayankhidwa, choncho ba Mweemba anakwera galimoto kukawatenga okha. Ine ndinakhoma chipinda chija n'kuika kiyi m'thumba.

Mbiri inafika kumsika msanga kuposa galimoto yawo. Posakhalitsa bwalo linadzaza ndi amayi ndi mabeseni. Patsogolo panali ba Namakau, mayi wachilozi wamtali yemwe anzake ankamumvera. Iwo anali atabweretsa katundu wawo m'mawa womwewo.

"Mwana wanga, choka pa chitseko," anatero. "Nsomba ni yanga, si ya ba Mweemba."

Chibadwire ndinali ndisanakanizepo munthu wa msinkhu wa mayi anga chinthu chake chomwe. Ndinawerama pang'ono n'kuomba m'manja monga amachitira kwawo. Ndinafotokoza kuti kuzizira kotsala m'katimo ndiko kokha tinali nako, ndipo aliyense akalowa kukadina nsomba zake, kuzizirako kutuluka ndipo ziola za onse. Wina kumbuyo anakuwa kuti ndikufuna kubisa zoola. Wina anati athyole loko.

"Mukachosa, muzaipereka kuti na zuba iyi?" ndinafunsa.

Ba Namakau anandibwezera funso. "Nanga ikaola mukati?"

"Nchito yanga yasila. Na imwe muzanipeza ku Libuyu, sinizathaba."

Anavundikira ndowa yawo patsogolo pa chitseko n'kukhalapo, msana atatsamira loko. "Palibe wamene azangena," anauza anzawo. Panali kung'ung'udza, koma palibe anayandikira.

Ndinanyowetsa masaka n'kuyala pa denga ndi pa khoma loyang'ana dzuwa, ndipo amayi ena anayamba kundipatsira madzi, nkhope zili gwa. Dzuwa litapendeka, ndinaona kamzere ka madzi kakutuluka pansi pa chitseko n'kudutsa pakati pa mapazi a ba Namakau. Nawonso anakaona. Kunena zoona, kamtengo kaja ndinakaganizira.

A magetsi anafika chakumadzulo. Fyuzi imodzi pa thiransifoma inali italendewera. Anaikonza n'kuikweza ndi ndodo yawo yaitali. Ndinayezanso mawaya onse atatu, n'kubwezera malamba, n'kuyatsa. Mota inalira kulira kwake kwa masiku onse. Amayi anaimirira, koma ndinawapempha kuti adikirebe mpaka muvi wa geji utsike, ndipo wina ananditukwana m'Chilozi.

Titatsegula, nsomba za m'kati zinali zolimba ngati nkhuni. Koma matumba a pafupi ndi chitseko, amene analowa komalizira asanagwire chisanu, anali atafewa ndipo kafungo kanali katayamba. Onse anali ndi kansalu ka ba Namakau. Akadalowa masana aja, akadapulumutsako zina.

Anadina nsomba imodzi, chala chinalowa. Ndinafuna kupepesa. Iwo anangoitanitsa mpeni ndi mchere. "Izi nizayanika," anatero. "Za banzanga zapona."

Ba Mweemba sanandiyamike. Potseka anangoti, "Mailo ubwere msanga." Ndinadziwa kuti mawa ntchito ndikadali nayo.

Ndagwira ntchito m'malo ambiri kuchokera pamenepo, ndipo ndaona nthambi iliyonse ikukwera ndi kutsika, moti sindilonjeza wophunzira aliyense kuti yake ndiyo ya tsogolo. Ndimangowauza kuti asanyoze phunziro la nthambi ya mnzawo, chifukwa makina akaima safunsa kuti unalembetsa chiyani. Ndimawauzanso chimene sindinachimvepo m'kalasi: injiniya akanena kuti dikirani, ngakhale akhale kuti walondola, pamakhala munthu amene kudikirako kumamugwera. Wanga anali ba Namakau, ndipo sabata yonse ankadutsa pa khomo pathu atasenza nsomba zouma, n'kumandipatsa moni.